Wren's Nest si bwinja la mgodi chabe

Anzanga, ndiloleni ndilankhuleko za kaphiri kena kotchedwa Wren's Nest ka ku Dudley, m'dziko la England, chifukwa mawu amene ndinamva Loweruka akundiwawabe. Tili m'basi, bambo ena achikulire amene ndinakhala nawo pampando anati sakuona chifukwa chotetezera Wren's Nest. Akuti ndi maenje okhaokha, bola atamangapo nyumba. Ndinangokhala chete poti ndi akuluakulu, koma mumtima ndinakana kwamtuwagalu.

Maenjewo alipodi, sindikutsutsa. Kwa zaka mazanamazana anthu ankaphwanya mwala wa laimu paphiripa. Wina ankamangira nyumba, wina ankathira m'minda, koma wambiri unkapita kung'anjo zosungunulira chitsulo, poti laimu ndi amene amakoka zinyalala kuti chitsulo chituluke choyera. Anakumba pamwamba, kenako analowa pansi, mpaka kuboola ngalande za m'kati mwa nthaka zoti mabwato azitulutsira miyala. Ntchitoyi inatha m'zaka za m'ma 1920, phiri litatsala mabala okhaokha. Koma mabala omwewo ndi amene anatitsegulira zimene zinabisika.

Mukafika pamalo ena mumapeza khoma la mwala litaima chopendekeka, lili ndi mizeremizere ngati imene mafunde amasiya pamchenga madzi akabwerera. Ndinayikapo dzanja, zala n'kumalowa m'timigulato. Khoma limenelo linali pansi pa nyanja. Zaka zoposa 420 miliyoni zapitazo, dera lonseli linali kumwera kwa equator, litamizidwa ndi nyanja yosazama, yofunda, yodzaza ndi makorali. Kenako nthaka inadzakwinyika n'kuimika chimene chinali chogona. Zimenezi mukhoza kuziwerenga m'buku n'kuiwala, koma mukazikhudza ndi dzanja sizichoka m'mutu.

Mwana wanga wamkazi anagwada pa mulu wa timiyala togumuka, n'kutola kena kochepa ngati chikhadabo. Atakanyowetsa ndi malovu, panaoneka kachigoba ka nkhono kali ndi timizere tonse bwinobwino. Pambali pake panali tina tozungulira, toboola pakati ngati mikanda, tomwe ndi zidutswa za tinyama ta m'nyanja tooneka ngati maluwa. Kutola tomwe tagwa kale n'kololedwa. Kubwera ndi hamala n'kumagogoda thanthwe n'koletsedwa, ndipo lamulo limeneli ndimaligwirizana nalo ndi mtima wonse, chifukwa chimene mwaswa lero sichidzameranso.

Pamalo ano papezeka mitundu yoposa 600 ya zamoyo zakale zosanduka mwala. Yotchuka kwambiri ndi kanyama ka mtundu wa trilobite, kooneka ngati kachilombo kokhala ndi nthiti, komwe anthu a m'migodi anakapatsa dzina loti Dudley Bug. Kanafika mpaka pa chizindikiro cha tauni ya Dudley. Apa ndi pamene mtima wanga umagunda kwambiri. Tikamakamba mbiri ya phirili timathamangira kutchula Roderick Murchison, katswiri wa miyala amene buku lake la mu 1839, The Silurian System, linadalira kwambiri zotsalira za ku Dudley. Timatchulanso Abraham Darby, amene anabadwira pompa mu 1678 n'kudzatchuka ndi njira yatsopano yosungunulira chitsulo ku Coalbrookdale mu 1709. Ulemu wawo ndi wowayenera. Koma amene ankayamba kuona tinyamato, ali mumdima, fumbi lili m'mphuno, denga likhoza kuwagwera nthawi iliyonse, anali anthu wamba ogwira ntchito yakalavulagaga. Kufafaniza phirili n'kufafaniza thukuta lawo.

Mu 1956 boma linalengeza Wren's Nest kukhala malo otetezedwa, amodzi mwa oyamba m'dziko la Britain kutetezedwa chifukwa cha miyala yake, ndipo mu 2020 UNESCO, nthambi ya United Nations, inazindikira dera lonse la Black Country, momwe muli tauni ya Dudley, ngati Global Geopark, kutanthauza dera lomwe miyala yake ndi yofunika padziko lonse. Chilengedwe nachonso sichinadikire kuitanidwa. Dothi la laimu ndi losauka, choncho udzu waukulu sulikonda, ndipo mpata umenewo umapatsa moyo timaluwa tosowa, kuphatikizapo ma orchid. Agulugufe amadzaza nthawi yotentha. M'mapanga amene anthu anawasiya mumagona mileme.

Chimene chimandimvetsa chisoni ndi mapanga a Seven Sisters, amene mizati yake ya mwala inkachirikiza denga lalitali ngati la tchalitchi. Mbali ina itagumuka mu 2001, anawakwirira ndi miyala kuti asagwe onse. Mwana wanga anangowaonera kuseri kwa mpanda, n'kundifunsa kuti adzatsegula liti. Kachigoba kake kaja anakakulunga m'kapepala, ndipo Lolemba anapita nako kusukulu.