Anyamata a sola ndi mawailesi, lekani kulumikiza mawaya mongolota

Khalani pansi mundimve, ana anga. Imvi zandimerera ndili pa benchi yokonzera mawailesi, ndipo zimene ndikuona masiku ano zikundiwawa mumtima.

Sabata yatha kunabwera mayi wina atakulunga wailesi yake m'chitenje. Nditangoitsegula, fungo la kupserera linandilandira. Kapasita, kachipangizo kosunga moto kwa kanthawi kaja, inali itang'ambika pamutu, timapepala ta m'kati mwake titamwazikana ngati thonje. Akuti mnyamata wa pamudzi pawo anawalumikizira ku batire ya sola madzulo kuli mdima, osayeza, n'kumati waya ndi waya basi. Wailesi imeneyo mayiwo anaigula atagulitsa mtedza wawo. Safunsa anadya phula, koma apa phulalo wadya ndi mwini katundu amene sanalakwe chilichonse.

Chimene chimakusokonezani ndikuchidziwa. Magetsi a ESCOM ndi AC ya 230V, amapita uku ndi uku mosinthasintha, n'chifukwa chake pulagi ya mano awiri mukaitembenuza wailesi imalirabe. Batire si choncho. Moto wake ndi DC, uli ndi njira imodzi, pozitivi kwake negetivi kwake. Mukatembenuza, simupatsidwa mpata wokonza. Kapasita imaphulika, IC, kachipangizo kakuda ka miyendo yambiri kaja, imapsa musanaphethire n'komwe.

Mudzati waya wofiira ndi pozitivi, wakuda ndi negetivi. N'zoona. Nanga waya umene wadutsa m'manja mwa anthu anayi, wolumikizalumikiza ndi tepi, mungaukhulupirire mtundu wake? Tengani mita yoyezera magetsi, ikani pa DC, khudzitsani pa mawayawo. Pakaoneka kamzere kutsogolo kwa nambala, dziwani kuti mwatembenuza. Kapasita nayo ili ndi mzere m'mbali wosonyeza mwendo wa negetivi. Ngakhale ma adaputa a kamutu kozungulira aja, ambiri pozitivi ili pakati koma ena ili kunja, ndipo kachizindikiro kake kamajambulidwa pa adaputa pomwepo. Kulowa kwa pulagi sikutanthauza kuti zagwirizana.

Tsono pali khalidwe ili lochotsa kontirola, kachipangizo koletsa batire kudzadza mopitirira, n'kulumikiza panelo ya sola molunjika ku batire, akuti idzadze msanga. Ndani anakuphunzitsani zimenezi? Panelo yolembedwa 12V, dzuwa likakhala paliwombo ndipo palibe cholumikizako, imafika 21V kapena 22V. Batire ya asidi imafuna kuti moto uime cha pa 14.4V. Popanda choletsa, batire ikadzadza imayamba kuwira, madzi amaphwa, mapuleti amawonongeka, ndipo mpweya umene umatuluka ndi hydrogen, woti kamoto kakathetheka pafupi batire imaphulika n'kumwaza asidi kumaso. Batire zimenezi anthu amaziika kuchipinda kumene ana amagona. Kaya kontirola yanu ndi ya PWM yotchipa ija, kaya ndi ya MPPT, isiyeni igwire ntchito yake. Polumikiza yambani batire, panelo pambuyo, kuti kontirola iyambe yazindikira ngati batireyo ndi ya 12V kapena 24V.

Za ma regulator, tizipangizo totsitsa moto kuti uzituluka pa mlingo umodzi, ndiye ndiyankhule mofatsa, chifukwa apa ndi pamene ambiri mukugwera. Kachipangizo ka miyendo itatu kolembedwa 7805 kamatulutsa 5V ya pozitivi. Kolembedwa 7905 kamatulutsa 5V ya negetivi. Maonekedwe ndi amodzi ngati mapasa, koma miyendo yawo ndi yosiyana. Mukayang'anizana ndi zolembazo miyendo ili pansi, pa 7805 wakumanzere ndi wolowetsa moto, wapakati ndi giraundi, wakumanja ndi wotulutsa. Pa 7905 giraundi ili kumanzere, wolowetsa ali pakati. Munthu wazula pa bolodi yakale, wawerenga 05 yokhayo, wawotcherera. Utsi fuka! Kenako akuuza kasitomala kuti chinthu chanu chinali chakufa kale. Limenelo ndi bodza, ndipo ndi kuba.

Dziwaninso kuti 7805, 7812, ngakhale LM317 yosinthika ija, moto wotsala zimautaya ngati kutentha. Mukatsitsa 12V kufika 5V pa ampeya imodzi, ma watt 7 onse akusanduka kutentha pa kanthu kochepa ngati chikhadabo. Popanda chitsulo choziziritsira kamangotentha n'kuzima kokha, inu n'kumati n'kabodza. Komanso 7805 imafuna moto wolowa wosachepera 7V, pochepera apo 5V yeniyeni simuiona. Ngati n'zotchajira mafoni kuchokera ku batire, gulani buck converter, monga timabolodi ta LM2596, chifukwa ito timadula moto mwaliwiro ndipo sititaya wambiri. Koma chonde, kasikulu kake kapotokoleni mita ili pomwepo mpaka iwerenge 5V, foni musanailumikize. Foni ya munthu si choyesera.

Fyuzi ikapsa, ikukuuzani kuti penapake pali vuto. Inu mukuikulunga ndi kachingwe ka kopa kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu. Batire ya galimoto ikashota imatha kufiiritsa waya ngati khala, ndipo denga la udzu silichedwa. Fyuzi ikhale pa waya wa pozitivi, pafupi ndi batire. Pa kachipangizo kosakoka moto wambiri ikaniponso dayodi, kachipangizo kolola moto kudutsa njira imodzi yokha, ya 1N4007. Imadya pafupifupi 0.7V yokha, imapirira ampeya imodzi, ndipo wina akadzatembenuza mawaya moto sudutsa.

Wailesi ya mayi uja ndasintha kapasita ndi IC ya mawu, ndaikamo dayodi, ndipo pa mawaya ake ndamangapo tepi yofiira ndi yakuda nditayeza ndekha. Iwe mnyamata amene unailumikiza, ngati ukuwerenga izi, pita ukapepese, ubweze ndalama imene mayiwo awononga. Ukatero ubwere ndi mita yako, ndidzakuonetse kagwiritsidwe kake.