Inu otsuka ziliza ndi Jik, lekani!

Ana inu, pali chinthu chandiwawa mtima. Pa Facebook ndi TikTok padzaza makanema a achinyamata a ku America akulowa m'manda akale ndi ndowa, Jik ndi burashi ya waya, n'kuyamba kukwecha chiliza cha munthu amene sakumudziwa n'komwe. Mwala ukayera mbee, anthu akuwomba m'manja. Ena a kwathu kuno ayamba kale kutengera.

Ziliza zambiri zakale kumeneko ndi za mwala wa marble, wofewa ngakhale umaoneka wolimba. Jik amalowa m'timaenje ta mwalawo n'kusiya mchere, ndipo mcherewo ukauma umaphwanya mwala kuchokera mkati. Viniga amausungunula. Makina opopera madzi mwamphamvu amasenda khungu lake lonse. Pakapita zaka zochepa, ukangogwira ndi chala, pamayoyoka timchenga ngati shuga. Timchenga timeneto ndi dzina la munthu, ndi chaka chimene anabadwa. Zikapita sizibweranso.

Taonani ku Bodie, m'mapiri a California. Golide anapezeka kumeneko mu 1859, anthu zikwizikwi anakhamukirako, kenako onse anabalalika n'kusiya nyumba ndi manda awo paphiri. Kuyambira 1962 malowa ndi paki ya boma la California, ndipo oyang'anira sakongoletsa kanthu. Amangochirikiza zimene zilipo kuti zisagwe. Kutola ngakhale msomali wadzimbiri ndi mlandu. Alendo ena amene anaba tinthu amatibweza okha pa positi, ndi kalata yopepesa. Ndiye iwe ndiwe yani woti ukafike ndi burashi yako?

Kwathu sulowa kumanda popanda kuuza amfumu, ngakhale ukalambule pa agogo ako enieni. M'paki, oyang'anirawo ndiwo amfumu. Pemphani kaye. Akalola, ndi madzi oyera, burashi yofewa, kuyambira pansi kukwera m'mwamba, pang'onopang'ono. Ndere zikakanirira, akatswiri amathira mankhwala otchedwa D/2 n'kudikira milungu ingapo kuti zichoke zokha. Mwala wong'aluka, wopendekeka kapena woyoyoka, musaukhudze ndithu. Choko ndi ufa wopaka kuti zilembo zioneke, ayi. Unikani ndi tochi cham'mbali, zilembozo ziwerengeka, mujambule, mulembe dzinalo m'kope, mukapereke ku ofesi ya paki.