Inu anyamata opanga mapulogalamu, zinsinsi za anthu si zoseweretsa

Loweruka lapitali ndinali pa shopu ina ku Mpondabwino kudikira fotokope. Pambali panga panakhala mnyamata, laputopu pamiyendo, anzake awiri atamuunjirira, akuseka chikhakhali. Ndinkayesa akuonera mpira. Nditasuzumira ndinaona mndandanda wa amayi a banki mkhonde ina: mayina, manambala a foni, zithunzi za ziphaso zaunzika, ngongole ya aliyense mpaka tsiku limene analephera kubweza. Nkhope imodzi ndinaidziwa, mayi wamasiye amene timapemphera naye, wogulitsa zitumbuwa. Mnyamatayo ndi amene anawapangira pulogalamu yowerengera ndalama zawo. Nditamufunsa anangoti, "Aaa madala, ndi data chabe iyi, tikungotesita."

Data chabe! Akanakhala mayi ako pamenepo, ukanati chabe?

Ndatopa nanu. Munthu akufuna ngongole ya K20,000, pulogalamu yanu ikumuuza kuti ayambe walola kuti muone manambala onse a m'foni mwake, zithunzi zake ndi pamene ali. Mukufuna kukatani ndi nambala ya apongozi ake? Zithunzi za ana ake zikubwezerani ngongoleyo? Mayina a odwala a ku kiliniki mumatumizirana pa WhatsApp ngati uthenga wa chinkhoswe. Pasiwedi ndi 1234, ofesi yonse ikuidziwa, ngakhale amene anachotsedwa ntchito chaka chatha. Fulashi yodzaza ndi ziphaso za anthu imagona m'thumba la jini limodzi ndi makiyi, mawa yagwera m'minibasi ya ku Songani. Ntchito ikatha simufufuta kanthu, mumasunga kuti mukaonetse bwana wina luso lanu.

Ndiye mumadabwa kuti akathyali aja oimba foni amadziwa bwanji dzina la agogo ku Jali, mudzi wawo ndi tsiku limene alandira ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money? Amalota? Chiphaso chimenecho munthu anachiimira pamzere dzuwa likuswa mtengo mu 2017, ndipo ndi chomwecho analembetsera simu khadi yake. Chikagwera m'manja mwa wakuba, wina atenga ngongole m'dzina lake. Mabanja atha chifukwa cha zotsatira za magazi zimene zinatuluka pakhomo losayenera.

Musandiuze kuti kuno ndi ku Malawi, palibe angatibere. Mwaiwala kuti mu February 2024 Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba alowerera makina a mapasipoti ndipo akufuna dipo? Anthu anakhala masabata osalandira mapasipoti. Ngati zinachitika kumeneko, kalaputopu kako kopanda loko n'kachiyani?

Lamulonso lilipo, kaya munaliwerenga. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza zinsinsi za munthu, ndipo mu 2024 kunabwera Data Protection Act, lamulo loteteza zinsinsi za anthu, limene bungwe loona za matelefoni ndi mawayilesi la MACRA likuyang'anira. Koma ine chimene chikundiwawa si lamulo ayi. Mayi uja anapereka chiphaso chake ndi manja awiri, akukhulupirira kuti ana ophunzira amusungira bwino. Lamulungu ndinakhala naye benchi limodzi, ndinasowa pomuyambira.

Sukulu munapita, ulemu munausiya kuti? Fufutani za eni ake zimenezo, lero lomwe.