Si mbalame zokha zimene zimafalitsa Opuntia

Nkhani ina imene ndawerenga yanena bwino kuti mbalame zimamwaza njere za Opuntia stricta, chomera chaminga cha mtundu wa cactus, koma yasiya mfundo yaikulu. Zija zathyathyathya zooneka ngati masamba ndi tsinde ndithu, ndipo chidutswa chikagwa pansi chimamera mizu n'kukhala chomera china. Ndiye amene amangochitema ndi chikwanje n'kutaya pathengo ndiye akuchidzala kumene. Chilala sichichiopsanso, poti timabowo take topumira timatseguka usiku ndipo madzi satayika ambiri.

Kwawo ndi ku America, koma ku Australia chinavuta zedi. Pofika m'ma 1920 mitundu ya Opuntia inali itaphimba mahekitala pafupifupi 24 miliyoni ku Queensland ndi New South Wales, alimi ena mpaka kuthawa minda yawo. Chinagonja patapita zaka zingapo kuchokera mu 1926 pamene anayamba kumwaza mazira a kagulugufe kochokera ku Argentina, Cactoblastis cactorum, komwe mbozi zake zimadya chomeracho mkati.

Koma inu amene mukuti kagulugufeka kapite paliponse, dekhani kaye. Anakapititsa ku chilumba cha Nevis ku Caribbean mu 1957, kanafika ku Florida m'dziko la United States mu 1989, ndipo tsopano a ku Mexico ali ndi nkhawa chifukwa kumeneko Opuntia ndi ndiwo.