Namasupuniyo ayi, a mtolankhani

A mtolankhani, mwalemba bwino kuti munthu ndi khalifa, kunena kuti woyang'anira woikidwa ndi Mulungu padziko, ndipo kuyeretsa madzi pogwiritsa ntchito zomera ndi gawo la udindo umenewu. Koma pamene mwayamikira namasupuni pokhapo ndakana. N'zoona amayamwa zonyansa m'madzi, koma kafunseni asodzi a mu Shire, kapena muone mmene zomera za m'madzi zimatsekera makina a magetsi ku Nkula. Khalifa sachotsa vuto pobzala lina.

Pa mzikiti wathu kuno ku Mangochi madzi a wudhu, kusamba kokonzekera mapemphero, ankangodikha kuseri, udzudzu ndi fungo osanena. Tinakumba ngalande, kuthiramo miyala ndi mchenga, n'kubzala vetiva, yemwe uja wa m'migula. Mizu yake imalowa pansi kwambiri ndipo safalikira mwachisawawa. Kumapeto tinabzala nthochi. Matope aja anatha.

Chimodzi mwasiya: chomera chikayamwa mtovu kapena poizoni wa m'fakitale, poizoniyo amakhala m'thupi mwake. Osadyetsa mbuzi, abale anga.

Funso kwa mashehe amene mukuwerenga: madzi anali ndi najisi (zodetsa pa Chisilamu), adutsa m'zomera, mtundu, fungo ndi kukoma zabwerera mwakale. Tingachitire wudhu?