Nambala imene inapusitsa Fermat

Tengani foni, tsegulani calculator, muchulukitse 641 ndi 6,700,417. Ikupatsani 4,294,967,297. Zimene mwachita m'kamphindi kameneka zinatenga zaka pafupifupi 90 kuti munthu azitulukire, ndipo n'chifukwa chake ine ndimakana ndikamva wina akuti lamulo la masamu ndi loona poti "ndayesa kangapo, zatheka."

Nambalayi poiyang'ana imaoneka ngati prime, ija yosagawika ndi nambala ina kupatula 1 ndi iyo yomwe. Imathera ndi 7, ndiye 2 ndi 5 sizilowamo. Mukaphatikiza madijiti ake mupeza 59, choncho 3 nayonso yakanika. Yesani 7, 11, 13, mpaka thukuta kamukamu, palibe chituluke. Imapezeka mukachulukitsa 2 ndi 2 mobwereza, ma 2 okwana 32, n'kuwonjezera 1.

Pierre de Fermat, loya wa ku Toulouse, ku France, amene ankachita masamu akaweruka ku ntchito, anaona kuti nambala zopangidwa mwa njira yomweyi, 3, 5, 17, 257 ndi 65,537 (ma 2 okwana 1, 2, 4, 8 ndi 16, n'kuwonjezera 1), zonse ndi ma prime. Cha m'ma 1640 analembera anzake kuti akukhulupirira kuti zotsatira zonse zili chimodzimodzi. Kunena chilungamo, mkuluyu anavomera kuti umboni wokwanira analibe, ndipo pamenepo ndimamupatsa ulemu. Koma anamwalira mu 1665 asakudziwa kuti nambala yachisanu ndi chimodzi yomweyo, iyi ya mabiliyoni anayi, inali kale itamutsutsa.

Amene anaulula ndi katswiri wa masamu Leonhard Euler mu 1732, ali ndi zaka 25 ku St Petersburg. Chondisangalatsa ine si 641 yekhayo ayi, koma mfundo imene Euler anadzaitsimikiza pambuyo pake: nambala iliyonse yogawa 4,294,967,297 iyenera kutsala ndi 1 mukaigawa ndi 64. Apa ntchito yapepuka kwambiri. M'malo moyesa ma prime masauzande, mukungoyesa 193, 257, 449, 577, kenako 641, basi yagawika. Kuyesa kasanu kokha! Awa ndiye masamu, kudziwa pokumba, osati kugalauza munda wonse kufuna mbewa imodzi.

Ana athu ambiri amaloweza ma prime a pansi pa 100 n'kuganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Bwenzi aphunzitsi akuwapatsako nambala ngati iyi, aivutikire kaye okha, kenako awaonetse 641.

Lero 4,294,967,297 ili m'gulu la ma semiprime, popeza 641 ndi 6,700,417 onse ndi ma prime ndipo palibenso wina woigawa. M'banja la nambala za Fermat zija, makompyuta afufuza nambala zazikulu zosawerengeka ndi maso, koma prime wamkulu wodziwika akadali 65,537 yemwe uja, ndipo palibe amene watsimikiza ngati kutsogoloko kuli wina kapena ayi.