Pemphero la amene akukagonekedwa kufiyeta

Abale ndi alongo, ngati muli ndi wodwala amene akudikira opaleshoni, komanso inu magadiyani amene mukugona pakhonde la wodi, tiyeni tipemphere pamodzi. Pomwe ndanena kuti mwana wanu, inu tchulani dzina la wodwala wanuyo.

Atate wathu wakumwamba, mpweya tikupumawu ndi wanu, munauzira ndinu m'mphuno mwa munthu woyamba ndipo mpaka lero palibe amene anapangako wake. Tabwera ndi mwana wanu amene akulowa kufiyeta. Anesi amuletsa kudya kwa maola 6 kuti asakasanze ali mtulo zosanzazo n'kulowa m'mapapo, mumupatse mtima womvera, ndipo ife achibale tisamupatsire kaphala mobisa chifukwa cha chisoni ayi.

Koma makamaka Ambuye tikupempherera kanthawi kochepa kaja kamene ambiri sitikadziwa nkomwe. Akamuika masiki ya okosijeni kumaso, akamubaya mankhwala ogonetsa m'dripi, kenako amamubayanso ena ofewetsa minofu, kaya ndi suxamethonium kaya rocuronium, kuti nsagwada imasuke, kholingo litseguke, chubu chopumira chilowe osalimbana nacho. Mankhwala amenewa sasankha Ambuye, amafewetsa ndi minofu yopumira yomwe, mphindi imodzi isanathe bwino munthu wasiya kupuma yekha. Pamenepo moyo wa mwana wanu uli m'manja mwa adokotala ogonetsa aima kumutu kwakewo, ndiye ife tikuti manja amenewo muwagwire ndinu.

Akamalowetsa chitsulo cha katochi chija m'kamwa n'kukankhira lilime pambali, muwaonetse njira poyera. Chubu chilowe m'njira ya mpweya, chisasochere kummero wa chakudya, ndipo chikasochera azindikire pompopompo aone kuti chifuwa sichikukwera, achotse ayambirenso. Alipo ena a khosi lalifupi, ena a chotupa cha pakhosi, ena onenepa, ena m'kamwa simutseguka kwambiri, amenewa chubu chimavuta, ndiye chikakana muwapatse adokotalawo mtima wodekha osati wamakani, apope mpweya ndi masiki, aitane mnzawo msanga osachita manyazi. Kamakina kopanidwa pachala kaja kazingolira bwinobwino, mawu ake asatsike, poti akamatsika ndiye kuti okosijeni akuchepa m'magazi.

Tikukumbukira amayi oyembekezera amene athamangira nawo kufiyeta usiku, poti jakisoni wa pamsana sanatheke ndiye agonekedwa thupi lonse, m'mimba muli chakudya, miyoyo iwiri pabedi limodzi, ndipo okosijeni wawo amatha msanga kuposa wa munthu amene si woyembekezera. Muwafungatire. Tikukumbukiranso opsa ndi moto, amene suxamethonium angawakwezere mchere wa potaziyamu m'magazi mpaka mtima kuima, ndi mabanja aja amene thupi lawo limachedwa kusungunula mankhwalawa, mmalo mwa mphindi 5 munthu n'kukhala maola asakupuma yekha. Adokotala afunse bwino, ndipo wachibale amene akudziwa kuti wina kwathu anavutikapo kudzuka kufiyeta anene, asakhale chete.

Chinthu china chimatiopsa Atate, mankhwala ofewetsawa sagonetsa ndipo sapha ululu. Musalole kuti mwana wanu adzidzimuke pakati pa opaleshoni akumva zonse koma osatha kugwedeza ngakhale chala kapena kutsegula diso. Tulo take tikhale tokwanira mpaka atamaliza kusoka.

Tikukuthokozani poti ndinu amene mumasandutsa zinthu. Ulembe wa curare umene alenje a ku South America ankapaka kumivi pophera nyama, mu 1942 ku Montreal Harold Griffith ndi Enid Johnson anaugwiritsa ntchito pa opaleshoni, lero mankhwala a mtundu umenewo akupulumutsa anthu mpaka m'zipatala zathu za m'maboma. Dalitsani makiliniko ofesa ogonetsa, amene kawirikawiri amakhala yekhayekha chipatala chonse, masana ndi usiku womwe, koma tikamathokoza timangotchula amene anagwira mpeni basi. Muwapatse mphamvu, tulo tisawagwire. Magetsi asazime, akazima jenereta ilire, furiji yosungira mankhwalawa isafunde, silinda ya okosijeni isathere panjira.

Ndipo pomaliza ntchito, akamubaya neostigmine wobwezera mphamvu, minofu idzuke yonse, apume yekha, atsokomole, ameze malovu, adzutse mutu, ndipo chubu asachichotse nthawi isanakwane. Kukhosi kukamapweteka mawa lake, kapena thupi likamaphwanya chifukwa cha kunjenjemera kwa minofu kumene kumabwera ndi suxamethonium, mumutonthoze adziwe kuti zimatha m'masiku ochepa. Ifenso amene tatsala panja pabenchi mutikhazike mtima pansi mpaka anesi atuluke atiitane.

Tapempha m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu, Amen.